Chinangwa cha Mvula Ziwiri

Pa zaka khumi zoyamba za ukwati wathu, mkazi wanga anabzala chinangwa m'midzi isanu ndi umodzi, ndipo palibe mudzi ngakhale umodzi umene anakumbako. Ine sindinazindikire. Ndinali mphunzitsi wa mishoni, mwalimu monga ankatitchulira, munthu wotha kuona ana makumi anayi ndi diso limodzi n'kudziwa amene wabisa usipa m'nsalu, koma za m'munda wa kuseri kwa nyumba yanga ndinali mbuli yeniyeni.

Masiku amenewo dziko lathu la m'mbali mwa nyanja linali m'manja mwa Kampani ya Apwitikizi, imene boma lake linali ku Mtengula. Kampani inali ndi asilikali ake otchedwa asipayi, ife a mishoni tinali ndi sitima yathu. Sitimayo inkayendera midzi kamodzi pamwezi. Inkabwera ndi wansembe wachizungu, amene tinkawatcha apadiri, inkabwera ndi masileti ndi mankhwala a zilonda, ndiponso inkabwera ndi mawu akuti mphunzitsi wakuti asamukire kwakuti. Sankafunsa. Unkangomva kuti mwezi wamawa ukonzeke, ndipo mwezi wamawawo mphasa, miphika, nkhuku ndi ana zonse zinkakwera. Pa nkhondo ija ya Ajeremani sitima itatengedwa, tinkaganiza kuti tipuma, koma tinasamukabe pa bwato.

Ine kusamukako ndinkakukonda, ndisaname. Mphunzitsi amene ankasamutsidwa kawirikawiri ndiye kuti akuluakulu akumuona. Kumene sukulu yafooka, ankatumiza ine. Kumene mphunzitsi wayambana ndi mudzi, ankatumiza ine. Ndinali ndi dzanja labwino polemba, ndipo ndinkalidziwa kuti ndi labwino.

Lamulo linali lakuti nyumba ya mphunzitsi ndi munda wake zimatsalira wobwera pambuyo. Ukapeza kuti mnzako anali ndi mkazi wa khasu, wadya. Ukapeza kuti anali ndi mkazi wokonda mthunzi, mudzi unkakudyetsa. Amayi ankabwera ndi ufa m'malichero, abambo ankatipatsako utaka bwato likakocheza, ndipo ine ndinkayesa kuti umenewu ndiwo ulemu woyenera munthu wa buku. Mkazi wanga ankagwada, n'kuomba m'manja, n'kulandira.

Mkazi wangayu kwawo kunali kufupi ndi Lunho. Tsiku limene tinachoka kwawo titakwatirana, apongozi anga anamupatsa mtolo wa mitengo ya chinangwa yodula m'munda mwawo, kuti akabzale kumene tikupita. Chinali chinangwa chowawa, chimene nguluwe zimachinunkhiza n'kupitirira, chosaola msanga m'nthaka, cha ufa woyera bwino. Vuto lake linali limodzi: chinkafuna mvula ziwiri zathunthu ndi chilimwe chake chisanakhwime. Tikangofika pamudzi watsopano, iye ankaunda matutu n'kubzala. Mawu osamuka akabwera, ankalowa m'munda ndi chikwanje, n'kudula mitengo ina pa chinangwa chosakhwimacho, n'kumanga mtolo. Mtolowo unakwera sitima kambirimbiri moti amalinyero ankaudziwa. Ankati akationa pagombe, "Katundu wa amayi uja wabwera, m'patseni malo!" Ine ndinkaseka nawo.

Mudzi wachisanu ndi chiwiri unali Chiwanga. Tinafika mvula itangoyamba, nkhondo itatha, amuna amene anapulumuka ku mtengatenga, ntchito yosenza katundu wa nkhondo, akubwerera ali mafupa okhaokha. Mphunzitsi amene tinamulowa m'malo anali mbeta, ndipo m'munda mwake tinapezamo nsonthi basi. Chaka chonse choyamba tinadya za m'manja mwa anthu, makamaka mayi wina wachikulire woyandikana nafe, mkazi wa mluki wa makoka, amene ankatibweretsera ufa asanapemphedwe. Mkazi wanga anapatsidwa malo amchenga kumtunda kwa mudzi, ndipo anabzala monga mwa masiku onse.

Popeza Chiwanga ali pafupi ndi Mtengula, ndinayamba kupita kwa kalaliki wina wa Kampani masiku oweruka kuti andiphunzitse Chipwitikizi. Kampani inali itayamba kulimbikira kuti m'masukulu muzimveka chinenero chawo, ndipo ine ndinaona kumene mphepo ikulowera. Pofika mvula yachiwiri ndinkatha kulankhula ndi mkulu wa boma popanda womasulira, ngakhale kuti iye ankaluma mlomo kuti asaseke.

Mvula yachiwiriyo ili pakati, sitima inabwera, ndipo apadiri anandiitanira m'kachipinda kawo ka m'sitimamo. Anandiuza kuti abishopu andisankha kuti ndikaphunzire udikoni pachilumba cha Likoma. Ndikakhala kumeneko zaka zingapo ndi banja langa, kenako ndidzapita kulikonse kumene adzanditume, ndipo ndikadzachita bwino, unsembe uli patsogolo. Anati ndikonzeke, adzanditenga ulendo wamawa.

Ndinali nditaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi kudikira mawu amenewa. Potsika m'sitima ndinatsala pang'ono kuphonya bwato. Pa mchenga ndinapezeka ndikuyenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, monga ndinkaonera ansembe akuyendera, ndipo ndikukhulupirira kuti asodzi amene ankayanika usipa anaganiza kuti msana wandigwira.

Mkazi wanga ndinamupeza akupalira. Ndinamuuza zonse ndili chiimire, mawu akuthamangitsana. Iye anatsamira pa mpini wa khasu n'kumvetsera mpaka ndinamaliza.

"Sitima ibwera liti?" anafunsa.

"Mwezi wamawa."

Anayang'ana matutu ake, kuyambira pamene anaima mpaka kumalire. Chinangwa chinali chitafika m'mapewa, masamba ali biriwiri.

"Musadandaule za chakudya," ndinatero ine. "Ku Likoma n'kwamiyala, kulibe minda ya alendo. Akazi a ophunzira salima. Mishoni imapereka phoso sabata ndi sabata. Khasu mukalipumira."

Ndinkayesa kuti ndamupatsa mphatso.

"Ndiye kuti ndikakhala ndikulandira," anatero, n'kuwerama kupitiriza kupalira.

Masabata awiri anadutsa ine ndili m'mitambo. Ndinalongedza mabuku, ndinawamasula, ndinawalongedzanso. Ndinatsanzika anthu amene sanandifunse n'komwe. Kenako tsiku lina ndikudutsa pakhonde ndinaona kuti pali chinthu chimene chikusowa. Pa kusamuka kulikonse, mtolo wa mitengo ya chinangwa unkakhala utatsamira khoma masiku ambiri sitima isanafike, pamthunzi, wofunditsidwa udzu wonyowa. Tsopano khoma linali lokhalokha.

"Mbewu ija simunadule?" ndinafunsa.

"Sindidula."

"Bwanji? Mwina ku Likoma mungapezeke kadanga kena pakati pa miyala."

"Mbewu ya amayi yatopa ndi sitima, amwalimu," anatero, osakweza mawu. "Inu pitani, sindikukuletsani. Ndatumiza mawu kwa achimwene."

Achimwene akewo, alamu anga, anafika ndi bwato patapita masiku atatu. Anali munthu wofatsa, wosodza, wolankhula ngati akuopa kudzutsa nsomba. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akusoka ukonde wanga wakale umene anaupeza utang'ambika, poti manja awo sankadziwa kukhala chabe.

"Alamu, ukwati wanu ndi wa m'tchalitchi, palibe akuumasula," anatero. "Mlongo wangayu sakufuna mwamuna wina. Akumba chinangwa chakechi, kenako ndidzamutenga ndi ana apite kumudzi, azikalima pa nthaka ya amayi. Inu mukadzamaliza, mukadzapeza pokhala penipeni, mudzawapeza."

Ndinkadziwa tanthauzo lake. Kwathu ana ndi a kwa mayi, ndipo amalume akanena kuti ana apite kumudzi, bambo amangoyang'ana pansi. Tinali ndi ana atatu. Pokhala penipeni pa dikoni panalibe, ndipo pa wansembe ndiye panalibiretu. Ndikanabwerako ana anga akundipatsa moni ngati mlendo wa m'sitima.

Ndinapsa mtima. Ndinati kodi munthu angataye maitanidwe a Mulungu chifukwa cha chinangwa? Ndinati akazi a aphunzitsi ena amasamuka osadandaula. Ndinanena zambiri, zina za m'Baibulo, ndipo alamu anga ankangoti "Eya, eya," akukoka mfundo ndi mano. Atamaliza kusoka ukondewo anaupinda bwinobwino, anatsanzika, n'kupalasa kubwerera kwawo.

M'mawa mwake ndinaganiza zothetsa nkhaniyi mwa uphunzitsi, ndi umboni. Ndinati ngati vuto ndi kukumba, akumbe lero, aviike, ayanike, tinyamule ufa wake m'sitima, mtima wake ukhale pansi. Ndinapita kumunda iye ali komweko, ndinagwira tsinde limodzi lalikulu ndi manja awiri, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Tsinde linathyoka, ine n'kukhala pansi pa mchenga. Ndinafukula ndi manja. Zimene ndinatulutsa zinali timizu towonda ngati nzimbe ya pa chilala, tamadzi tokhatokha mkati.

"Chatsala ndi miyezi ingati?" ndinafunsa ndili pansi pomwepo.

"Mvula ithe, mwera uwombe udutse, dzuwa litenthe. Pamenepo."

Ndinali nditaphunzitsa fanizo la wofesa mbewu m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, koma sindinkadziwa kuti chinangwa cha m'nyumba mwanga chimakhwima liti. Manyazi anandigwira. Iye sanandiseke. Anatola tsinde lothyokalo, analidula tizidutswa ndi chikwanje, n'kuyamba kutizika m'mbali mwa tutu limene ndinaliwonongalo. Akuzika choncho, osandiyang'ana, ndi pamene analankhula.

"Mukukumbuka mwana wathu uja tinamuika kufupi ndi Kobwe?"

Ndinkakumbuka. Anali wachiwiri kubadwa, wamkazi, ndipo anangokhala nafe miyezi isanu.

"Tsiku lija amayi a mudzi wonse anabwera ndi ufa, aliyense wa m'munda mwake. Anadzaza madengu, anthu a pamaliro anadya. Ine ndinati m'mtima, tsiku lina ndidzawabwezera. Tisanakumbe tinachoka. Kuyambira pamenepo, mudzi uliwonse kukagwa maliro, anzanga amasenza ufa wawo, ine ndimatapa pa ufa umene andipatsa iwo omwewo n'kupita nawo. Amauzindikira, amwalimu. Mkazi amadziwa ufa wosinja yekha. Sanena kanthu, amangoti zikomo amayi a kwa mwalimu. Kuno mwezi watha uja ndinapita pa maliro ndi ufa umene anandipatsa mlongo wake wa malemuyo."

Anakanikiza dothi ndi chidendene.

"Inu kulikonse mukafika ndinu amwalimu, mpando ulipo kale. Ine ndine chiani? Mlendo ndi mame. Zaka khumi ndakhala mame."

Ndinamva chisoni, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti maliro onsewo ndinkakhalapo, kutsogolo, ndi buku m'manja, ndikuyambitsa nyimbo, osaona ufa umene mkazi wanga wanyamula.

Sindinganene kuti ndinasintha maganizo pomwepo. Masiku otsalawo ndinayenda ndi mitima iwiri. Ndinkayang'ana bokosi la mabuku, ndinkayang'ana ana akulimbirana mutu wa nsomba, ndinkadziona nditavala mkanjo kutsogolo kwa guwa. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwa ndithu. Tsiku limene utsi wa sitima unaoneka, ndinavala malaya anga oyera, ndinakwera bwato wopanda katundu, ndipo mpaka pamene ndinagwira makwerero a sitima sindinkadziwa bwinobwino kuti pakamwa panga patuluka chiyani.

Apadiri anayang'ana kumbuyo kwanga kufuna banja ndi miphika.

"Bwana padiri, sindipita," ndinatero. "Ndikuthokoza abishopu. Ndikupempha ndikhale mphunzitsi, ndipo ngati n'kotheka, ndikhale pano pa Chiwanga."

Anandikhazika pansi. Anali munthu wabwino, wowonda, wodwaladwala malungo, amene anasiya kwawo kutali ndipo sanakwatire. Anandifunsa ngati ndachita tchimo limene ndikubisa. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndikuopa mayeso, ndipo pamenepo ndinatsala pang'ono kukwiya. Ndiye ndinawafotokozera za mtolo, za mvula ziwiri, za ufa wa pamaliro. Anamvetsera mpaka kumapeto, koma ndinaona pankhope pawo kuti akufunafuna chifukwa chenicheni kuseri kwa zimene ndikunenazo.

"Mwalimu," anatero m'Chinyanja chawo chokhotakhota, "mukukana chifukwa cha chinangwa?"

"Inde, bwana padiri."

Kenako anati khomo limeneli silitseguka kawiri, ndipo za kukhala pa Chiwanga sangalonjeze. Anandidalitsa, ndipo ndinatsika. M'malo mwanga anatenga mphunzitsi wina wa kumpoto, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira cholembera.

Sanandisamutsenso. Mwina chinali Chipwitikizi changa chija, poti pafupi ndi boma pankafunika munthu wotha kuyankha mkulu wa Kampani akabwera kudzaona sukulu. Mwinanso munthu amene wakana kukwera amangoiwalika, ngati bwato lokokeredwa kumtunda. Ndinaphunzitsa pa Chiwanga mpaka Kampani inachoka, boma lenileni la Apwitikizi n'kubwera, mpaka maso anayamba kundivuta. Aphunzitsi anzanga tikakumana ankandipatsa moni kuti, "Muli bwanji adikoni a chinangwa?" Ndinkaseka, poti ukapanda kuseka dzina limakakamira, koma linakakamirabe.

Pali anthu amene amati akasankha chinthu sayang'ananso m'mbuyo. Ine si mmodzi wa iwo. Patapita zaka, mnzanga wamng'ono uja anabwera pa Chiwanga ali wansembe. Ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo kukalandira bokosi lake la ziwiya za Misa, ndinalisenza mpaka kutchalitchi, ndipo Lamulungu ndinagwada pamaso pake n'kutambasula manja. Iye anachita manyazi kuposa ine, ndipo titatuluka ankangonditcha amwalimu anga, amwalimu anga. Koma pamene ankawerenga Uthenga ndinamva akulakwitsa kupuma pakati pa mawu, malo amene ndinamuwongolera kalekale, ndipo nsanje inandilasa ngati minga ya nsomba ya nkholokolo. Ndinakaulula kwa iye yemweyo, poti wansembe wina panalibe. Ngakhale lero ndikalota, nthawi zina ndimalota nditavala mkanjo uja.

Koma ndibwerere ku chaka chimene ndinakanacho, poti nkhani yanga yagona pamenepo.

Mvula inatha, mwera unawomba n'kudutsa, dzuwa linatentha. Tsiku lina m'mamawa mkazi wanga anatenga khasu ndi dengu, ndipo ine ndinamutsatira ngati mwana wa sukulu. Sanakoke tsinde monga ndinachitira ine. Anakumba mozungulira, modekha, n'kutukula. Panatuluka chinangwa chonenepa ngati mkono wa msodzi, zisanu pa tsinde limodzi. Anachigwira, anachotsa dothi ndi chala, ndipo anakhala akuchiyang'ana kwa kanthawi. Anasenda, anakaviika m'dziwe la m'mbali mwa nyanja, patapita masiku anavuula, anayanika pa miyala mpaka chinauma kuti gwa.

Ine ndinali nditanola kale mano. Koma dengu loyambalo analifunditsa nsalu n'kulikweza pa nsanja.

"Limenelo si lathu," anatero. "Inu mudya lachiwiri."

Ndinadandaula kuti munthu amene wataya udikoni chifukwa cha chinangwa ayenera kulawa choyamba. Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Dengulo sanalitsitse.

Linakhala pa nsanja masabata angapo. Kenako m'mawa wina ndili m'sukulu, tinamva kulira kuchokera kunyumba yoyandikana nafe. Mluki wa makoka uja, mwamuna wa mayi amene anatidyetsa chaka chonse choyamba, anali atatisiya. Ndinabalalitsa ana, ndinapita kunyumba kukatenga buku la mapemphero, ndipo ndisanafike ndinamva mtondo ukulira kuseri. Mkazi wanga anali atatsitsa dengu lija. Ankasinja, akusefa, akusinjanso, misozi ikutsika, poti malemuyo ankamukonda ngati bambo ake.

Amayi a m'mudzi anayamba kudutsa pa njira ya kutsogolo kwathu, aliyense ndi lichero kapena dengu pamutu. Masiku onse mkazi wanga ankadikira kuti onse adutse, n'kutsatira pambuyo ndi kambale kobisa m'nsalu. Tsiku limenelo anasenza dengu lodzaza mpaka pakamwa, losavundikira, n'kulowa pakati pa mzere. Ine ndinali kumbuyo ndi buku langa, ndipo ulendo uno ndinkayang'ana.

Pa nyumba ya maliro, mng'ono wake wa mayi wofedwayo ndiye ankalandira ufa. Atafika pa dengu la mkazi wanga, anatapa pang'ono, anaufikisa pakati pa zala, n'kuuyang'anitsitsa. Unali woyera kuposa wa pa Chiwanga, ndipo sanauzindikire.

"Uwu ngwa kuti?" anafunsa.

"Ngwa m'munda mwanga," anatero mkazi wanga.

Mayiyo anakhuthulira ufawo pamodzi ndi wa anzake, n'kumubwezera dengu. Kenako anasuntha pa mphasa ya amayi a mudzi, kumene alendo sakhala, ndipo anati, "Khalani apa, titsuke miphika."

Ndinatsegula buku kuti ndiyambitse nyimbo, koma mawu anakana kutuluka, ndipo anaiyambitsa ndi msodzi wina amene sankadziwa kuwerenga.